Lendi ya sitolo yotsekedwa ndi boma pa nthawi ya mliri: lipoti la mlandu wa KiK ku Germany

Pa 12 Januwale 2022 khoti la Bundesgerichtshof, lomwe lili mumzinda wa Karlsruhe ndipo ndilo lomaliza kumva apilo pa milandu ya pakati pa anthu m'dziko la Germany, linapereka chigamulo pa mlandu nambala XII ZR 8/21. Ndalama zimene ankalimbirana zinali zochepa poyerekeza ndi kukula kwa kampani imene inasumiridwa, popeza inali lendi ya mwezi umodzi ya sitolo imodzi, koma funso limene linali m'kati mwake linali litasowetsa mtendere eni nyumba, ochita lendi ndi maloya m'maiko ambiri kwa zaka pafupifupi ziwiri: boma likalamula kuti malonda atsekedwe pofuna kuthana ndi mliri, kodi wochita lendi ali ndi ufulu woleka kulipira? Monga munthu amene ntchito yake ndi kulemba mapangano a lendi ndi kuimira anthu akasemphana pa mapanganowo, ndimaona kuti chigamulo chimenechi chinaunika nkhaniyi mofatsa kwambiri, ngakhale pali mbali ina imene sindikhutira nayo.

Mmene nkhani inakhalira

Kampani ya KiK, imene imagulitsa zovala zotsika mtengo ndipo likulu lake lili ku Bönen, inachita lendi nyumba pamodzi ndi malo oimikapo magalimoto m'dera la Sehmatal, kufupi ndi mzinda wa Chemnitz m'chigawo cha Sachsen. Mgwirizano wake unapangidwa mu Sepitembala 2013, ndipo unanena kuti malowo ndi ogulitsirapo zovala zamitundu yonse komanso katundu wina amene anthu amafuna tsiku ndi tsiku. Pofika chaka cha 2020 lendi inali mayuro 7,854 pa mwezi. Matenda a Covid-19 atayamba kufala, unduna woona za umoyo ndi chisamaliro cha anthu m'boma la Sachsen unatulutsa malamulo pa 18 ndi pa 20 Malichi 2020 otseka masitolo ambiri, kupatula ogulitsa zinthu zofunika kwambiri monga chakudya ndi mankhwala. Sitolo ya KiK inakhala chitsekere kuyambira pa 19 Malichi mpaka pa 19 Epulo 2020. Kampaniyo inadziwitsiratu mwini nyumba kuti silipira, ndipo lendi ya Epulo sinalipiredi. Mwini nyumba anakasuma.

M'masiku omwewo dziko la Germany linakhazikitsa lamulo la pa 27 Malichi 2020 lochepetsa mavuto obwera ndi mliri. Mwa zina, lamulolo linaika ndime 2 m'gawo 240 la malamulo otchedwa EGBGB (malamulo ofotokoza mmene malamulo a pakati pa anthu azigwirira ntchito), imene inaletsa eni nyumba kuthetsa mgwirizano pa chifukwa chokhacho chakuti wochita lendi sanalipire lendi ya pakati pa 1 Epulo ndi 30 Juni 2020, malinga ngati kulepherako kunadza ndi mliri, ndipo chitetezo chimenechi chinali choti chithe pa 30 Juni 2022. Anthu ambiri analimva ngati chilolezo chosiya kulipira. Makampani akuluakulu angapo, kuphatikizapo Adidas, analengeza kuti ayamba aimitsa lendi ya masitolo awo, zimene zinakwiyitsa anthu kwambiri moti nduna ya zachilungamo ya nthawiyo, Christine Lambrecht, inadzudzula mchitidwewo poyera, ndipo pa 1 Epulo 2020 Adidas inapepesa ndi kunena kuti yalipira lendi ya mweziwo. Zoona zake n'zakuti lamulolo linangomanga dzanja la mwini nyumba kuti asatulutse munthu. Ngongole inalipobe, ndipo mwini nyumba anali ndi ufulu wonse wokaisumira.

Khoti loyamba, la ku Chemnitz, linagamula kuti KiK ilipire lendi yonse. Kampaniyo inachita apilo ku khoti lapamwamba la ku Dresden, lomwe pa 24 Febuluwale 2021 linatsitsa ndalamazo kufika pa mayuro 3,720.09. Majaji a ku Dresden anaganiza motere: mliri sunabwere ndi mwini nyumba, sunabwerenso ndi wochita lendi, ndipo palibe amene akanauoneratu, choncho vutolo agawane pakati, lendi ya masiku amene sitolo inali yotseka idulidwe ndi theka. Tsiku lomwelo khoti lina la msinkhu womwewo, la mumzinda wa Karlsruhe (osati Bundesgerichtshof), linagamula pa mlandu wofanana kuti wochita lendi alipire zonse. Pa mlandu wa ku Dresden palibe mbali imene inakhutira, pakuti mwini nyumba ankafunabe ndalama zake zonse pamene KiK inkafuna kuti mlandu uthetsedwe isalipire kalikonse, ndipo onse awiri anapita ku Bundesgerichtshof.

Mfundo zimene khoti linakana

Khoti linayamba ndi funso lakuti kodi lamulo la mu Malichi 2020 lija linatsekereza njira zina zonse zimene wochita lendi akanadzitetezera nazo. Linayankha kuti ayi, chifukwa lamulolo linangonena za kuthetsa mgwirizano ndipo silinakhudze kuchuluka kwa lendi imene iyenera kulipiridwa. Mpata wotsutsana pa kuchuluka kwa lendiyo unalipo.

Mfundo yoyamba ya KiK inachokera m'gawo 536 la BGB, buku lalikulu la malamulo a pakati pa anthu ku Germany. Gawoli limati nyumba ikakhala ndi chilema cholepheretsa kuigwiritsa ntchito monga mmene anagwirizanirana, lendi imatsika yokha popanda kudikira chilolezo cha mwini nyumba. Kampaniyo inati inachita lendi malo ogulitsirapo zovala, ndipo kwa mwezi wathunthu malowo sanali oti n'kugulitsirapo zovala. Khoti linavomera kuti nthawi zina lamulo la boma lingathe kukhala chilema cha nyumba, koma pokhapokha ngati likukhudza kamangidwe ka nyumbayo, mmene ilili kapena malo amene yaima. Boma likatseka nyumba chifukwa ilibe khomo lothawirapo moto ukabuka, vuto lili pa nyumbayo ndipo mwini wake ndiye ayenera kusenza. Kutseka kwa mu Malichi 2020 sikunali kotero. Kunalunjika mtundu wa malonda ndi kuchulukana kwa anthu amene malondawo amakoka, popeza kuchulukanako ndiko kumafalitsa kachilombo. Nyumba yomweyo ikanakhala kuti munali sitolo ya mankhwala, zitseko zake zikanakhala zotsegula mwezi wonsewo. Makiyi anali m'manja mwa KiK, zovala zinali pa mashelefu ake, magetsi ndi madzi zinalipo, ndipo palibe amene analetsa mwini nyumba kubwereketsa malowo. Khoti linaonjezeranso kuti mawu a mu mgwirizano onena kuti malowo ndi ogulitsirapo zovala sangamvedwe ngati lonjezo la mwini nyumba lakuti boma silidzatseka masitolo ngakhale kutagwa mliri.

Mfundo yachiwiri, yakuti mwini nyumba analephera kukwaniritsa mbali yake ndiye wochita lendi nayenso wamasuka, inagwa pa chifukwa chomwecho. Udindo wa mwini nyumba ndi kupereka malo, ndipo malowo anaperekedwa.

Pamene maziko a mgwirizano agwedezeka

Nkhani yonse inatsamira pa gawo 313 la BGB. Gawo limeneli limalola kuti mgwirizano usinthidwe ngati zinthu zimene onse awiri anaziyesa maziko a mgwirizanowo zasintha kwambiri, ngati n'zoonekeratu kuti akanadziwa sakanagwirizana motero, komanso ngati kuumiriza mbali imodzi kutsatira mgwirizano wosasinthawo kungakhale kuisenzetsa katundu wopyola muyeso. Khoti linati anthu akamapangana za lendi ya malo a malonda amayembekezera, ngakhale osalemba, kuti zinthu zikuluzikulu za ndale, chuma ndi kakhalidwe ka anthu sizisokonekera ndi nkhondo, masoka achilengedwe kapena zina zotere, ndipo chiyembekezo chimenechi chinasweka pamene boma linatseka masitolo. Nyumba ya malamulo inali itavomerezanso mfundoyi m'ndime 7 ya gawo 240 la EGBGB, imene inayamba kugwira ntchito pa 31 Disembala 2020.

Panali chopinga chimodzi chachikulu. Mwa nthawi zonse, kuti malonda ayenda kapena sayenda ndi nkhani ya wochita lendi yekha. Makasitomala akachepa chifukwa kwatsegulidwa sitolo ina pafupi, kapena chifukwa katundu wake sakukondedwa, sangapite kwa mwini nyumba kukapempha kuti lendi itsike, monganso mwini nyumba sabwera kudzafuna gawo la phindu malonda akayenda bwino. Khoti linati kutseka kolamulidwa ndi boma kumapyola malire a chiopsezo chimenechi. Sikunachokere pa chisankho chilichonse cha wochita malonda, koma linali tsoka logwera anthu onse, limene lamulo la lendi silinaliike pa mutu wa mbali imodzi yokha. Mpaka pamenepa khoti linagwirizana ndi majaji a ku Dresden.

Linasiyana nawo pa kudula ndi theka. Bundesgerichtshof inati palibe muyeso umodzi wokwanira milandu yonse, ndipo khoti liyenera kuona zimene zinachitikadi pa malo amene akukanganirawo. Choyamba kuona ndi mmene malonda anatsikira pa nthawi yotsekayo, ndipo chowerengedwa ndi sitolo imeneyoyo, osati ndalama za kampani yonse ndi nthambi zake. Kenako khoti liyenera kufunsa zimene wochita lendi anachita, kapena akanatha kuchita, kuti achepetse kuluza. Liyeneranso kuchotsera ndalama zimene iye analandira kuchokera ku boma monga chipukuta misozi cha kutsekako, ndiponso zimene kampani ya inshuwalansi inamulipira, kuopa kuti angapindule kawiri pa vuto limodzi. Koma thandizo la boma limene linabwera ngati ngongole siliwerengedwa, chifukwa ndalama yobweza siichotsa kuluza, imangokankhira kutsogolo. Khoti linanenanso kuti wochita lendi safunika kusonyeza kuti bizinesi yake inatsala pang'ono kugwa kuti athandizidwe, ndiponso kuti zofuna za mwini nyumba ziyenera kuikidwa pa sikelo yomweyo. Popeza khoti la ku Dresden silinafufuze zonsezi, chigamulo chake chinafafanizidwa ndipo mlandu unabwezedwa komweko kuti ukamvedwenso.

Kwa loya, mbali yofunika kwambiri ndi ya umboni. Wochita lendi ndiye ayenera kusonyeza zimene analuza ndi zimene anayesa kuchita. Akanena kuti sanalandire thandizo lililonse la boma, ayenera kuonetsa kuti anapempha koma anakanidwa, ndipo akalephera kutero khoti limamutenga ngati munthu amene analandira. Mwini nyumba akanena kuti kuluzako sikunadze ndi mliri, mwina sitoloyo inali itayamba kale kulowa pansi, umboni wa zimenezo ayenera kubweretsa ndi iyeyo. Pa tebulo la loya zimenezi zimatanthauza mapepala enieni: buku la malonda a Epulo 2020 la nthambi imeneyo kuliika pambali pa la Epulo 2019, makalata opempha thandizo ndi mayankho ake, pepala la inshuwalansi, ndi kaundula wa malipiro osonyeza gawo limene boma linalipira antchito amene anachepetsedwa maola a ntchito. Loya wa mwini nyumba, ngati ali wochenjera, adzafunanso kuona malonda a Meyi ndi Juni, pakuti munthu amene analephera kugula jekete mu Epulo angathe kudzaligula sitolo itatsegulidwa, pamene chakudya cha m'lesitanti chimene sichinagulidwe tsiku limenelo sichidzagulidwanso. Kusiyana kotereku ndiko kumachititsa kuti kudula ndi theka kwa aliyense kukhale kopanda chilungamo.

Mmene makhoti a maiko ena anaonera

Ku England makhoti anali ouma kwambiri. Mu Epulo 2021 khoti la High Court linalamula kampani ya TFS Stores kulipira lendi yonse ya sitolo yake ya ku Westfield London, ndipo mu Julayi 2022 khoti la apilo linakana mfundo za makampani a nyumba zoonetsera mafilimu a Cine-UK ndi Picturehouse. Ndime za m'mapangano zoimitsa lendi zinamvedwa kuti zikunena za nyumba yoonongeka, monga ndi moto, osati yotsekedwa ndi lamulo. Thandizo linachokera ku nyumba ya malamulo: gawo 82 la lamulo la Coronavirus Act 2020 linaletsa kulanda malo a malonda chifukwa cha lendi mpaka pa 25 Malichi 2022, ndipo lamulo lina la mu 2022 linakhazikitsa njira yoti mkhalapakati agamule za ngongole zimene zinaunjikana pa nthawi yotseka. Ku France khoti la Cour de cassation, m'zigamulo zitatu za pa 30 Juni 2022, linati kutsekako sikufanana ndi kuonongeka kwa nyumba ndipo mwini nyumba sanalephere udindo wake, choncho lendi iyenera kulipiridwa.

Ku India khoti la High Court la ku Delhi linayankha funsoli msanga, pa 21 Meyi 2020, m'chigamulo cha jaji Prathiba M. Singh pa mlandu wa sitolo ya nsapato ya ku Khan Market imene inkalipira marupi 350,000 pa mwezi. Jajiyo anati ngati mgwirizano uli ndi ndime yonena za masoka osapeweka, ndimeyo ndiyo iyenera kutsatidwa, ndipo ngati ilibe, gawo 108 la lamulo la Transfer of Property Act limathandiza pokhapokha malo ataonongekeratu kapena atakhala osagwiritsika ntchito mpaka kalekale, osati kwa masabata owerengeka. Pempho loimitsa lendi linakanidwa, koma khoti linasuntha masiku olipirira.

Dziko limene linayandikana kwambiri ndi Germany ndi Netherlands. Pa 24 Disembala 2021 khoti la Hoge Raad linati kutsekako si chilema cha nyumba koma ndi chinthu chosayembekezereka chimene chimalola kusintha mgwirizano, ndipo linapereka kawerengedwe kake: pa lendi achotsepo gawo la thandizo la boma limene likukhudza lendiyo, zotsalazo azichulukitse ndi peresenti imene malonda anatsika nayo, kenako agawe pakati.

Maganizo anga pa chigamulochi

M'makhoti onsewa palibe limene linavomereza kuti wochita lendi angangodzuka n'kuleka kulipira mwa yekha, popanda ndime ya mu mgwirizano yomulola kutero. Ngakhale ku Germany, kumene khomo linatsegulidwa, chimene wochita lendi ali nacho ndi ufulu wopempha kuti lendi isinthidwe, ndipo akasunga ndalama zonse n'kudzapezeka kuti anayenera kulipira zambiri mwa izo, amalipira pamodzi ndi chiwongoladzanja ndi ndalama za mlandu. N'chifukwa chake munthu wofuna malangizo ndimamuuza kuti alembere mwini nyumba msanga, aonetse mabuku ake, apemphe thandizo lililonse limene boma latsegula ngakhale akukayika kuti alandira, ndipo alipire gawo limene sakulitsutsa.

Anthu a lendi ya nyumba zogona ali pa malo ofooka kuposa apa. M'bindikiro sunawachotsere nyumba, m'malo mwake anaigwiritsa ntchito kuposa kale, ndipo chimene chinawathera ndi ndalama zolipirira, chinthu chimene makhoti kawirikawiri sachilandira ngati chifukwa chomasula munthu ku ngongole. Chitetezo chawo chinali cha kusatulutsidwa kokha. Ku United States bungwe la boma loona za matenda la CDC linaletsa kutulutsa anthu m'nyumba kuyambira mu Sepitembala 2020 mpaka khoti la Supreme Court litathetsa chiletsocho pa 26 Ogasiti 2021, koma lendi ya miyezi yonseyo inali ikuunjikana.

Chimene sindikhutira nacho m'chigamulo cha Bundesgerichtshof ndi mtengo wa chilungamo chimene chikufuna. Mkangano wa mayuro 7,854 unadutsa m'makhoti atatu, unatenga nthawi yoyandikira zaka ziwiri, ndipo pa 12 Januwale 2022 unali usanathe. Kampani ngati KiK ili ndi maloya ndi akatswiri owerengera ndalama amene angatulutse mabuku a nthambi iliyonse tsiku limodzi. Wometa tsitsi amene ali ndi chipinda chimodzi alibe zimenezo, ndipo mwini nyumba amene amadalira lendi ya sitolo imodziyo kubweza ngongole ya ku banki sangadikire zaka ziwiri. Kawerengedwe ka ku Netherlands kali ndi theka limene majaji a Bundesgerichtshof anakana, komabe kamayambira pa kutsika kwenikweni kwa malonda, ndipo anthu awiri atakhala pansi ndi mabuku awo angathe kupeza nambala yogwirizanirana osafika ku khoti. Pa kuunika bwino mfundo ndimatsatira Bundesgerichtshof, koma pothetsa mikangano ya anthu ang'onoang'ono njira ya Hoge Raad ndiyo imagwira ntchito.

Gawo 313 la BGB limagwira ntchito pa zinthu zimene anthu sanazionerepo. Amene akusaina mgwirizano pambuyo pa 2020 zingamuvute kuuza khoti kuti sankadziwa zoti boma lingatseke masitolo chifukwa cha mliri, choncho nkhaniyi iyenera kulembedwa mu mgwirizano momveka. Ndime yabwino imatchula kutseka kolamulidwa ndi boma mwachindunji, osati masoka osapeweka chabe, imanena ngati lendi ikuchotsedwa kapena ikungosunthidwa, kuyambira tsiku liti, ndi mlingo wanji, mabuku ati amene wochita lendi ayenera kuonetsa, ndiponso mmene thandizo la boma ndi ndalama za inshuwalansi ziwerengedwere. Ena amasankha kuti gawo la lendi likhale peresenti ya malonda a mweziwo. Jaji wa ku Delhi uja anatchula mapangano otere m'chigamulo chake, ndipo anati pamene lendi yamangidwa pa malonda kapena pa phindu, wochita lendi angapemphe kuti achotseredwe potsatira ndime imeneyo, chifukwa chakuti malonda sanachitike, popanda kudalira lamulo la masoka osapeweka.